Mzamba Amene Anaphunzira Kupinda Manja

Dzina lawo lenileni linalembedwa pa kachitsulo kapachifuwa, koma kachitsuloko kanafufutika kalekale ndi sopo, ndipo panalibe wovutika n'kukawerenga. Pamaso ankawatchula kuti amayi. Kumbali anali a Tapatuka. Dzinali anawapatsa ndi atsikana a sukulu ya uzamba amene ankatumizidwa kudzaphunzira ntchito pa kachipatala kawo, chifukwa ndiwo mawu amene aliyense wa iwo anawamva, ena kamodzi pa sabata, ena katatu pa tsiku. Mwana wa eni ake ati wagwira bwinobwino, mutu wa khanda wayamba kuoneka, iye thukuta lili kamukamu, amangomva chigongono m'nthiti: "Tapatuka." Akamati aphethire, khanda lili kale m'manja mwa amayi, likulira, iwo akulipukuta. Eni dzina ankalidziwa, ndipo silinkawasowetsa tulo.

Kachipatalako kanali kumathero kwa msewu wafumbi, pamene minibasi imakhotera n'kubwerera poti kutsogolo kulibenso kopita. Zipinda zinali zisanu. Chochiliramo chinali chakumapeto: mabedi awiri, katani yobiriwira pakati, sikelo ya makanda yobenthuka pakona, ndi wotchi yapakhoma imene inkatsogola ndi mphindi zinayi chiikireni. Pansi pa zenera pankakhala beseni la madzi. Dzuwa likapendeka, kuwala kunkagwera m'besenimo n'kudumphira kudenga, n'kumagwedezeka kumeneko pang'onopang'ono. Tsiku likakhala lopanda odwala, a Tapatuka ankakhala pa kampando, mutu atautsamiritsa kukhoma, n'kumayang'ana kuwalako mpaka maganizo atawasiya. Ankaona ana awo. Osati makanda ayi, koma anthu athunthu amene makandawo anasanduka: dalaivala wa minibasi uja wamwano, mphunzitsi wamkazi wa mpata m'mano, mapasa ogulitsa makala, onse akudutsa kudengako mumzere wautali, osathamanga, aliyense akuwagwedezera mutu pang'ono ngati anthu okumana panjira.

"Amayi, mwapitanso?" ankafunsa mayi wokolopa, atatsamira mopu pakhomo.

"Ndili pompano. Kolopa."

Chigongono chija sanabadwe nacho. Anali mwana wachitatu wa bambo wosoka nsapato, mtsikana waulemu wopitirira muyezo, woti ukawaponda phazi ankapepesa ndi iwowo. Chaka chawo choyamba pa ntchito anali pa chipatala chachikulu cha m'tauni, pansi pa sisitala wina, namwino wamkulu, amene lamulo lake linali limodzi: wamng'ono sagwira kanthu wamkulu asanafike. Tsiku lina masana, sisitalayo atapita kukadya, mayi wina amene anali atangochira anayamba kutaya magazi. A Tapatuka ankadziwa chochita. Zinali m'buku, tsamba lake ankachita kuliona m'maso: kutikita mimba mwamphamvu kuti chiberekero chilimbe, kubaya jekeseni, kuika diripi. Anatuma munthu kukaitana sisitala, iwo n'kuima pambali pa bedi atapinda manja, mwaulemu, monga anawaphunzitsira. Mayiyo sankalira n'komwe. Ankangodandaula za zovala zimene anazisiya pachingwe kunyumba, kuti mvula ikabwera palibe wozianula, mawu ake akunka nachepa. Pamene sisitala ankalowa akupukuta kukamwa, n'kuti mayiyo atapita.

Palibe anawaimba mlandu. Sisitala anachita kuwayamikira kuti anachita bwino kuitana akuluakulu. Kuyamikira kumeneko n'kumene kunawapweteka koposa, ndipo kunawapweteka zaka makumi atatu ndi zinayi. Kuyambira tsiku limenelo manja awo sanadikirenso munthu. Atapempha kusamukira ku kachipatala ka kumathero kwa msewu, komwe kunalibe wamkulu womudikira, anzawo ankati apenga. Iwo anapeza mtendere. Amayi a m'midzi yozungulira anayamba kuuzana kuti kumeneko kuli manja, ndipo sankanama.

Amuna awo, akalipentala, ankati iwo anakwatira manja, mkaziyo anangobwera ngati basela. Lamlungu masana a Tapatuka akagona pakhonde, zala zinkagwirabe ntchito: zinkafufuza pilo, kumutembenuza, kumusisita kumsana. Akalipentala ankakodola ana kuti adzaone. "Musasokose, mayi anu akuchiritsa pilo. Tiyeni tione ngati akhale wamwamuna." Anawo anakula, anapita m'matauni, pilo anatsala yemweyo.

Kenaka inabwera kalata yoti nthawi yopuma pa ntchito yakwana. Pachipatalapo azamba anali awiri okha, iwo ndi mtsikana wina wofatsa amene anali atakhala nawo miyezi isanu ndi itatu. Ankamutcha Wamagalasi, chifukwa magalasi ake ankatsetsereka pamphuno nthawi zonse ndipo ankawakweza ndi mkono poti manja amakhala m'magolovesi. Ofesi ya zaumoyo ya kuboma inati mzamba wina idzatumiza posachedwa. Ofesi ikati posachedwa, pezani mpando wabwino mukhale pansi.

Lolemba lina, kutatsala masabata atatu kuti apume pa ntchito, panafika njinga yamoto itamangirira bokosi kumbuyo. Anali mlangizi wa azamba, amene ntchito yake ndi kuzungulira zipatala zazing'ono, kuona mmene anzake akugwirira ntchito ndi kuwakumbutsa zimene zayamba kuiwalika. Uyu anali watsopano m'deralo. Atavula chipewa cha njinga, a Tapatuka anaomba m'manja. Anali mmodzi wa atsikana awo omwe, wa zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, amene ankamutcha Kamphepo chifukwa cha kuonda. Tsopano mphepo ikanachita kuitana zinzake kuti zimusunthe.

Anakumbatirana, anaseka, anamwa tiyi. Atatha, mlangizi anapempha buku la Wamagalasi, momwe mumalembedwa ntchito zovuta zimene mzamba watsopano wagwira, wamkulu n'kusainira. Anatseka chitseko cha kaofesi, anatsala awiri. Anatsegula masamba modekha, chala chikuyenda pa mizere.

"Apa mwasaina kuti anathandiza mwana wobadwa osapuma. Katatu."

"Analipo."

"Analipo, eya. Nanga kathumba kopopera mpweya anagwira ndani?"

A Tapatuka anaika kapu pansi. "Iwe, kodi wabwera kudzandiphunzitsa ntchito ineyo?"

"Ayi, amayi. Ntchito mumaidziwa kuposa tonsefe. Vuto lake ndi lomwelo." Mlangizi anatseka buku, n'kuyang'ana manja ake omwe. "Ndinakhala nanu zaka ziwiri. Ndinaona zodabwitsa, mpaka lero ndimazinena. Koma ndinangoona. Atanditumiza kwandekha, mwezi wachiwiri, kunabadwa mwana osapuma. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinapatuka. Thupi langali linapatuka lokha, kudikira chigongono chanu. Ndinayang'ana kumbuyo, amayi, m'chipindamo mulibe munthu. Pamene ndinkakumbuka kuti mzamba ndi ineyo, nthawi inali itapita."

Kunja nkhuku inkapalasa pansi pa tanki ya madzi. A Tapatuka anaimva bwinobwino, ngati ikupalasa m'mutu mwawo.

"Mwanayo?"

"Anali wamkazi. Anali ndi tsitsi lambiri."

Mkwiyo unabwera poyamba, monga umachitira, koma sunapeze pokhala. Pambuyo pake panabwera manyazi, ndipo iwo anakhazikika. Atsikana amene anadutsa m'manja mwawo anali khumi ndi asanu ndi awiri. A Tapatuka anawaona onse nthawi imodzi, aliyense m'kachipinda kake kutali, aliyense akuyang'ana kumbuyo. Zaka zonsezi ankaganiza kuti akuthawa sisitala uja wa m'tauni, osadziwa kuti akugwira ntchito yake yomweyo, kungoti iwo ankaigwira mwachangu ndi mwaluso.

"Wakutsina khutu ndi mnansi," anatero a Tapatuka pomaliza. "Nena."

"Mtsikanayu atsala yekha. Ndikapanda kusaina kuti angathe, chipinda chochiliramo achitseka mpaka apeze wina, amayi azikachilira kutauni, mtunda wonsewuja, ena panjira. Ndikasaina bodza, mwamva kale zimene zimachitika. Ndibweranso Lachisanu lanu lomaliza. Mudzandiuze mukundiyang'ana m'maso kuti wagwira yekha, ndidzasaina." Anapita panjinga, anamasula bokosi lija n'kubwera ndi chidole cha khanda chophunzirira, cha mphira, chimene chifuwa chake chimakwera mpweya ukalowa bwino. "Pakamwa ndi panu, manja ndi ake. Ndipo magolovesi musamavale. Ndimakudziwani, opanda magolovesi simungagwire munthu."

Mawa lake masana anayala nsalu pa tebulo la makanda, anagoneka chidole. Wamagalasi anaphimba mphuno ndi kamwa la chidole ndi kachivindikiro, n'kuyamba kufinya kathumba. Chifuwa chinangoti zii.

"Si choncho," anatero a Tapatuka, manja ali kumbuyo.

"Nanga bwanji, amayi?"

"Uchite chonchi."

"Chonchi bwanji?"

 Zala zawo kumbuyoko zinkadziwa zonse, zinkachita kuyabwa, koma kuchokera kuzala kufika palilime panalibe njira. Zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo anali asananenepo ndi kamodzi komwe chimene amachita. Asanazindikire n'komwe, chigongono chinapita chokha, chidole chili m'manja mwawo, chifuwa chikukwera ndi kutsika ngati cha munthu wogona.

Mayi wokolopa anagwa nako kuseka pakhomo. "Amayi inu! Ngakhale chidole? Mukuopa kuti chifa?"

Wamagalasi sanaseke. Anali ataima kale pambali, manja ali lende, pamalo pake pa masiku onse pafupi ndi katani. Anaimapo mwachizolowezi, wopanda chidandaulo, ndipo chimenecho ndicho chinawaopsa a Tapatuka.

Kunyumba anapeza akalipentala akupala thabwa pansi pa mtengo. Anakhala pa chipika n'kumaonerera zipalo zikupiringizika ndi kugwa.

"Abambo, anthu amene munawaphunzitsa ntchitoyi munkatani nawo?"

"Ndinkawasiya aononge thabwa. Akaononga atatu, lachinayi limakhala chitseko."

"Matabwa anga ali ndi amayi awo."

Akalipentala anauzira fumbi pa thabwa, analiyang'ana ndi diso limodzi. "Ndiye muime pafupi. Koma kuima si kulanda."

Masiku otsatira anali achilendo, ngati maloto a masana. A Tapatuka anayamba kuzonda manja awo omwe. Ankatenga chidole ali okha, n'kumachita zinthu pang'onopang'ono kwambiri, kuti aone chala chiti chimayamba, chiti chimatsatira, n'kumanena mokweza. "Chala chachikulu ndi chamkombaphala pa chivindikiro. Chapakati pansi pa chibwano, pafupa, osati pofewa." Ankadabwa ngati munthu amene wakhala m'nyumba zaka zambiri n'kungozindikira lero kuti ili ndi chipinda china. Popita kunyumba ankayankhula okha m'njira, manja akuumba mpweya, mpaka anthu a panjira ankapatukira kumbali n'kumawayang'ana mwachisoni. Mayi wokolopa anauza mlonda kuti kalata ija yawasokoneza mutu. Mawu ena ankabwera, ena ankakana. Panali kanthu kena kake, kakang'ono, kokhudza mmene mutu wa khanda umagonera, kamene zala zinkakachita zokha m'kuphethira kwa diso, ndipo dzina lake sanalipeze. Buku linali ndi mawu ake, Wamagalasi ankawadziwa pamtima, koma mawu a m'buku sankafika kuzala.

M'masabata awiriwo amayi asanu anachira. Woyamba, ndinene zoona, a Tapatuka analephera. Anavala magolovesi osadziwa kuti avala liti. Enawo anapirira, atagwira chitsulo cha bedi lachiwiri kumbuyo kwawo mpaka zala kuchita dzanzi. Onse anayi anali ana osavuta, obwera ndi mfuu yawo, oti ngakhale mlonda akanawalandira. Wamagalasi anagwira bwino. Koma a Tapatuka ankadziwa kuti funso la mlangizi silinali la ana oterowo. Anadzipeza tsiku lina akulakalaka kuti kubwere wovuta iwo asanachoke, ndipo anachita mantha ndi mtima wawo womwe. Munthu angalakalake bwanji chinthu chotero pa mwana wa mnzake?

Lachitatu la sabata yomaliza kunatentha kuyambira m'mawa, mitambo ikusonkhana kutali. Cha m'ma 2 koloko masana, mkazi wa wokonza njinga, amene anabwera m'mamawa ndi mimba yake yachitatu, anafika pochira. Zonse zinkayenda bwino. Wamagalasi anali kutsogolo, a Tapatuka kumbuyo kwake, manja opanda kanthu. Mutu unatuluka, mapewa, thupi lonse. Mwana wamwamuna, wamkulu bwino. Anagwera pa nsalu ali lobodo, wotuwa, osatulutsa mawu.

Wamagalasi anamupukuta mwamphamvu, anamusisita kumsana. Zii. Anamanga mchombo, anadula, anathamanga naye pa tebulo, anatenga kathumba ndi chivindikiro. Mpaka pamenepo anachita zonse mwadongosolo. Kenaka anatembenuka. Magalasi ali kunsonga kwa mphuno, anayang'ana a Tapatuka, ndipo phazi lake lamanzere linasuntha lokha kupita ku katani.

Phazi la a Tapatuka nalo linali litasuntha kale. Bokosi la magolovesi linali pomwepo, kutambasula mkono basi. Thupi lonse linkakokera kutsogolo, ndipo kumva kwake kunali ngati kuletsa kuyetsemula. Anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda chitsulo cha bedi, anachigwira ndi manja onse awiri.

"Sindibwera. Bwerera pamalo pako. Popa."

"Amayi..."

"Mwanayo ndi wako. Popa!"

Anapopa. Chifuwa sichinakwere. Anakonza chivindikiro, anapopanso. Zii. Mayi wa mwana anadzutsa mutu pa bedi. "Bwanji sakulira? Amayi, mwana wanga bwanji sakulira? Mugwireni inuyo, amayi, chonde!"

A Tapatuka anayang'ana wotchi n'kudzipatsa malire mumtima: awerenga kufika makumi atatu, chifuwa chikapanda kukwera alanda, chipinda achitseke ngati n'kuchitseka. Anayamba kuwerenga. Vuto ankaliona bwinobwino, linali kanthu kaja kopanda dzina: mutu wa mwana unali utagwera kutsogolo, chibwano chitatsamira pachifuwa, njira ya mpweya itapindika. Zala zawo zikanakonza asanafike pa ziwiri.

"Mutu," anatero. "Konza mutu."

Wamagalasi anaukankhira kumbuyo, mopitiriza, khosi n'kupindikira kwina. Khumi ndi ziwiri. Khumi ndi zitatu.

"Wapitiriza! Bweza. Ayi, osati choncho..."

Chipinda chinatalika. Mawu a mayi uja ankamveka kutali ngati a munthu woitana ali tsidya lina la munda. A Tapatuka anadziona ali mtsikana, ataima pambali pa bedi lina atapinda manja, ndipo mtima unawauza kuti wabwereranso pomwe paja, chitsiru iwe, ukuonereranso munthu akupita. Makumi awiri. Pamenepo katani inagwedezeka, mphepo yozizira inalowa pazenera, itanyamula fungo la dothi lonyowa kuchokera komwe mvula inali itayamba kugwa. Iwo, osaganiza, anatukula chibwano pang'ono kuti alimve. Pang'ono pokha.

"Ngati akununkhiza mvula," anatero, ndipo mawu awo anatuluka odekha mpaka iwo eni anadabwa. "Mwanangu, muike ngati munthu amene akununkhiza mvula ikubwera. Chibwano m'mwamba pang'ono basi. Chala chapakati pafupa. Tsopano popa."

Wamagalasi anaima kaye kanthawi kochepa, ngati akumvetsera ndi zala. Anasuntha kamutuko pang'ono. Anafinya. Kachifuwa kanakwera.

"Chakwera! Amayi, chakwera!"

"Ndaona. Usandiyang'ane ine, yang'ana mwana. Popa, ziwiri, zitatu. Popa, ziwiri, zitatu."

Anapitiriza choncho, wina akuwerenga wina akupopa, kwa mphindi zitatu zimene zinali zazitali kuposa zaka zina. Kutuwa kunayamba kuchoka, kuyambira pachifuwa kupita kumilomo. Kamwendo kanakoka. Mwana anatsamwa, anakwinya nkhope ngati munthu wodzutsidwa pa tulo tokoma, ndipo anakuwa mokwiya, mfuu yoti mlonda anaimva ali kugeti. Mvula inafika padenga la malata nthawi yomweyo, moti mayi wokolopa ankati sakudziwa chinayamba n'chiti.

Wamagalasi anamaliza zonse yekha. Anagoneka mwana pachifuwa cha mayi ake, anawafunditsa, anatulutsa nsengwa, anayeza magazi, analemba. Atatha anavula magolovesi, anatuluka pakhonde lakuseri. Anakhala pansi penipeni, pasimenti. A Tapatuka anamutsatira, ndipo movutikira, ndi mawondo awo okalambawo, anakhala naye pansi pomwepo. Anaonerera madzi akutsika m'malata kwa nthawi yaitali.

"Mukanandilanda?" anafunsa mtsikanayo.

"Ndinadzipatsa makumi atatu."

"Munafika pangati?"

"Makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri."

Wamagalasi anavula magalasi n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kwa mapewa. A Tapatuka anamukokera pachifuwa pawo. Manja awo anapeza chogwira tsopano, ndipo anamugwira mwamphamvu.

Lachisanu njinga yamoto inabwera itathimbirira matope. A Tapatuka sanadikire tiyi. Anayang'ana mlangizi m'maso ali panja pomwepo. "Wagwira yekha. Wovuta." Kenaka anatsitsa mawu. "Ndipo iwe, za mwana uja watsitsi. Sindinakupepese."

"Sindinabwerere zimenezo, amayi."

"Ndikudziwa. Pepa."

Mlangizi anagwedeza mutu, anafufuza cholembera m'thumba kwa nthawi yaitali kuposa mmene cholembera chimafunira, kenaka anasaina.

Sabata yotsatira a Tapatuka anali pakhomo pawo, m'zovala wamba, akusankha nyemba m'mbale pakhonde. Nyumba yawo inali m'mbali mwa njira yopita kuchipatala. Dzuwa lili pamutu anamva belu la njinga. Bambo wina ankapalasa mwamphamvu, kumbuyo atakweza mkazi wake, mimba ili patsogolo, atagwira chishalo ndi manja onse awiri, nkhope itakwinyika. A Tapatuka anangoona kakhalidwe kake n'kudziwa kuti yatsala ola limodzi, mwina awiri. Mbale inatsetsereka pamiyendo. Anafika pageti asanaganize.

Bamboyo anaimba belu kawiri. "Mwaswera bwanji, amayi!" Sanaime. Njinga inakhota pa mtengo waukulu n'kubisika.

A Tapatuka anaima pagetipo, dzanja lili pa loko. Zinawapweteka, osati pang'ono. Palibe anawauza kuti chimene ankachifuna ndi mtima wonse chidzawawa chotere chikadzachitika. Anabwerera pakhonde, anatola nyemba imodziimodzi, anazisankhanso ngakhale zinali zosankha kale. Akalipentala anawayang'ana kangapo, ndipo kamodzi kokha m'moyo wawo anasunga nthabwala yawo m'kamwa.

Dzuwa litapendeka belu linamvekanso. Bambo uja ankabwerera yekha, akupalasa mwaulesi, malaya ali pamtunda, akumwetulira njira yonse.

"Wamkazi, amayi!" anakuwa ali patali. "Onse ali bwino! Koma kuchipatala kuja kuli mtsikana wodziwa ntchito, inu! Mumamudziwa?"

A Tapatuka anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndimamudziwa," anatero. "Pitani mukauze abale."